A Fyuzi ndi Ampu Yokonda Njala

Dzina loti a Fyuzi anadzitolera okha, palibe amene anawapatsa mwachipongwe. Munthu akabweretsa chinthu chakufa m'kashopu kawo, kaya wailesi, kaya kanema, kaya sipika ya kutchalitchi, iwo asanachitsegule n'komwe amayamba anena kuti, "Mwina ndi fyuzi." Zaka makumi atatu akunena mawu omwewo. Pa zinthu khumi, chimodzi chimapezekadi kuti ndi fyuzi, ndipo tsiku limenelo amayenda atakweza mapewa mpaka madzulo.

Kashopuko ndi kachipinda kamodzi, kopanikizika pakati pa wometa ndi wogulitsa mapaipi. Muli tebulo lalitali lopserera m'mphepete chifukwa cha chitsulo chosungunulira mtovu, galasi lokulitsira zinthu lomangidwa ndi waya, ndi zitini za mkaka zoposa makumi anayi zondanda pa shelefu. A Fyuzi sataya kanthu. Chilichonse chimene achotsa m'chipangizo cha munthu amachiika m'chitini n'kulembapo mwini wake: "abusa aafupi", "mayi wa saluni", "uja wa ndevu". Akazi awo amati tsiku limene bambowa adzamwalire, zitinizo adzazikhuthulira m'manda momwemo kuti akapitirize ntchito.

Khutu lawo ndi la mawu oyera. Sipika ikangokhosomola pang'ono, ngakhale paukwati wa anthu osawadziwa, amasiya mbale n'kupita kukaima kumbuyo kwa woimbitsa nyimbo mpaka munthuyo atawasiyira mabatani. Ndiye Mulungu, amenenso nthabwala amazidziwa, anawapatsa mwana woimba gitala yophwanya mawu mwadala.

Mwanayo ndi wachisamba, mkazi wa zaka makumi atatu. Masana amayeza magazi kuchipatala atavala zoyera, wofatsa moti odwala amamuuza zinsinsi zawo. Akaweruka amanyamula gitala. Nyimbo zake zimayenda pang'onopang'ono ngati lole yodzaza njerwa ikukwera mtunda. Amamanga nsambo zonenepa n'kuzimasula mpaka zizilendewera, kuti mawu atsikire pansi penipeni. Mawuwo amadutsa m'kabokosi koponda ndi phazi, kamene ntchito yake ndi kuwaphwanya, kenako n'kulowa mu ampu yakale yokuzira mawu, ya mavalavu, timababu tagalasi tija, yolemera moti amainyamula anthu awiri. Chotuluka m'masipika eni akewo amachitcha matope, ndipo amatero monyada.

A Fyuzi anamvapo matopewo kamodzi, kalekale, ataima pakhomo. Nyimbo itatha anati, "Ubweretse kushopu ndikukonzere." Mwanayo anatha miyezi iwiri akungowapatsa moni basi. Kuyambira pamenepo ampu ikadwala ankaipititsa kwa anthu ena, mpaka kutsidya kwa tauni, kumadutsa nayo pakhomo pa kashopu ka bambo ake ili pa galimoto ya hayala.

N'chifukwa chake Lolemba lina m'mawa, atamuona akulowa nayo chammbuyo, mnzake woimba ng'oma atagwira mbali inayo, a Fyuzi anavula magalasi n'kuwavalanso.

"Yazima dzulo tili pakati pa nyimbo," anatero mwanayo. "Amene amandikonzera uja wapita kwawo. Loweruka tikujambula, bambo. Situdiyo atipatsa tsiku limodzi lokha, ndipo talidikira chaka chonse."

"Mwina ndi fyuzi."

"Ngati ndi fyuzi, sinthani fyuziyo. Zina zonse musakhudze. Mwandimva?"

"Iwe, ine ndinayamba ntchitoyi usanamere mano."

"N'chifukwa chake ndikufunsa ngati mwandimva."

Inalidi fyuzi, pamodzi ndi kachipangizo kena kopserera kofanana ndi njere ya mpunga. Theka la ola ntchito inali itatha. Zikanakhala kuti munthu amatseka pomwe wamalizira, nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma a Fyuzi anakhala akuyang'ana m'mimba mwa ampuyo. Fumbi la zaka, akangaude atamangamo mudzi, ndipo makapasita awiri, timigolo tosunga magetsi tija, atatupa ngati masaya a mwana wonyanyala. Anapita kwa wometa kukacheza. Anabwerako. Makapasita aja anali akadali otupa. Anamwa tiyi. Pofika masana anali atawachotsa, atavekamo atsopano, atapukuta paliponse, ndipo akalewo ali m'chitini cholembedwa kuti "mwana wanga". Anaiyesa ndi wailesi, inalira bwino moti wogulitsa mapaipi anasuzumira kudzafunsa ngati ikugulitsidwa.

Mwanayo anaitenga Lachiwiri. Lachitatu chakumadzulo, a Fyuzi akukoka chitseko kuti atseke, anamuona ataima panja, akadali mu yunifolomu.

"Mwaichita chiyani?"

"Sikuyaka?"

"Ikuyaka."

"Sikulira?"

"Ikulira ngati ya munthu wina. Mabatani ali pomwe amakhala, gitala ndi yomweyo, kabokosi ndi komweko. Matope mulibe. Mwaichita chiyani, bambo?"

Akanatha kukana, koma chitini chinali pa shelefu pomwepo, zilembo zikuyang'ana kukhomo. Anaulula. Mwanayo sanakalipe, ndipo n'zimene zinawawawa kwambiri. Anangoyang'ana chitinicho n'kunena kuti, "Ndinakupemphani chinthu chimodzi." Kenako anapita kukakwera basi.

Kunyumba akazi awo sanawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Zaka khumi mwana akukulambalalani. Tsiku loyamba kukukhulupirirani, inu mwamusambitsira ampu."

"Makapasitawo akanaphulika."

"Anakufunsani za makapasita? Inu abambo, manja anuwa tidzachita kuwamanga m'thumba."

Lachinayi kashopu sikanatsegulidwe. Wometa anafunsa anthu atatu ngati kwachitika maliro. A Fyuzi anali atanyamula chitini, mita yawo yoyezera magetsi ndi chitsulo cha mtovu, n'kupita kumene ana aja amaphunzirira nyimbo. Ndi kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba yaitali ya mashopu, kogundana khoma ndi malo ochapira ndi kusitira zovala. Makoma anawakhomera makatoni a mazira ndi kapeti yakale. Mwanayo anali atapempha tsiku kuntchito. Wang'oma uja, amene masana amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto ndipo n'chifukwa chake sadabwa ndi kanthu, anali atakhala pa kampando kake akudya mtedza.

A Fyuzi anagwada, anatsegula ampu, anachotsa makapasita abwinobwino n'kubwezeramo otupa aja. Munthu amene sanagwirepo ntchitoyi sangamvetse. Zili ngati kuuza mmisiri wa matabwa kuti azule chitseko chatsopano abwezerepo chodyedwa ndi chiswe. Anachita atatseka mphuno, ngakhale panalibe chonunkha.

Mwanayo anakolekera gitala, anaponda kabokosi, anamenya nsambo zonse kamodzi. Zitseko zinanjenjemera. Kwa a Fyuzi linali phokoso lokwanira kuthamangitsa mbava za dera lonse. Mwanayo anapukusa mutu.

"Si amenewa."

Apa mpamene a Fyuzi anachita chinthu chimene sanachitepo. Anafunsa.

"Tandimvetsere akalewo. Uli nawo penapake?"

Anali nawo pa foni, nyimbo imene anajambula mwezi wathawo m'chipinda chomwecho. A Fyuzi anaika foniyo pakhutu, anatsinzina, namvetsera katatu. Kenako anauza mwanayo kuti amenyenso. Anamenya. Anamvetseranso pa foni.

Ndiye anamva. Pa foni, nsambo zikamenyedwa mawu sankatuluka nthawi yomweyo. Ankayamba agwada kaye, ngati munthu amene amusenzetsa thumba la simenti, kenako n'kudzuka pang'onopang'ono, akutupa, akunenepa, mpaka kudzaza chipinda. Tsopano mawuwo ankangotumphuka ali chilili, ouma, aukali, ngati galu wa pachipata.

"Kugwadako ndiye ukufuna?"

Mwanayo anatembenuka n'kuwayang'ana. "Mwakumva?"

"Ndine wogontha ine? Kungoti sindinkadziwa kuti anthu amafuna zoterezi."

Anayamba ndi mabatani, popeza ndi pomwe aliyense amayambira. Anakweza geni, limene limawonjezera kuphwanyika kwa mawu: kunatuluka njuchi zotsekeredwa m'chitini. Analibweza n'kukweza besi, ya mawu apansi: masipika anayamba kuphwisa, wang'oma n'kunena kuti, "Pepani akuluakulu, si ine." Anatsitsa trebo, ya mawu apamwamba, mpaka pansi: inakhala ngati munthu akuimba atafunda bulangete. Anakweza mawu apakati, inalira ngati wolengeza mabasi. Anatsitsa geni ya kabokosi n'kukweza ya ampu, kenako anachita mosemphanitsa. Anasintha chingwe cha gitala. Anamasulanso nsambo mpaka zina zinayamba kugunda pa thabwa. A Fyuzi ankalemba chilichonse pa katoni ya mazira yapakhoma ndi pensulo ya pakhutu, ndipo pofika masana katoniyo inali itadzaza. Mawu aja sanagwade ngakhale kamodzi.

Anakhala pansi onse atatu. A Fyuzi anali akuganiza za mavalavu, kuti mwina powapukuta anawasemphanitsa malo, ndiponso akuganiza kuti Loweruka likapita pachabe, zaka zina khumi ampuyo izidzadutsanso pakhomo pawo pa galimoto ya hayala.

Wang'oma anatambasula miyendo n'kuyang'ana kudenga.

"Koma chipinda chathuchi n'chonyansa, eti? Ine sindinkadziwa. Babu uyu sabata ino wayamba kuwala ngati akufuna kukwezedwa pantchito."

"Mwasintha babu?" anafunsa a Fyuzi.

"Tisinthe ndi chiyani, madala? Ndi yemwe uja. Kale ankangoti psuu ngati diso la munthu wa chimfine."

"Wayamba liti?"

"Dzulo ndi pomwe ndinaona kuti pakonapo pali nsapato ya munthu."

A Fyuzi anadzuka mofulumira kuposa mmene mawondo awo amalolera. Analowetsa mita m'soketi. Inaonetsa 232, magetsi okwana bwino, ofanana ndi a kushopu kwawo. Anatuluka n'kukagogoda kwa osita zovala.

Mwini malowo ndi mayi wamtali, wa mawu aakulu, amene amalankhula nsimbi ili m'manja. Atsikana ake anayi anali pa matebulo, nthunzi ili tolotolo.

"Mayi, pepani. Magetsi anu asintha sabata ino?"

"Mwaonera chiyani? Lachiwiri andikokera waya wangawanga kuchokera pa mtengo. Zaka zisanu ndikuvutika ine. Kuseri konse kuno tinkadalira kawaya kamodzi kowonda ngati ulusi, kochokera kutsogolo uko. Nsimbi zikayaka zonse zinkangofunda ngati dzanja la munthu. Kolala imodzi kusita mpaka kuiwala mwini wake."

"Masoketi akale alipobe?"

"Ali apo. Ndikufuna awazule, akundinyansa."

"Musazule kaye. Ndikupempheni, mubwezere nsimbi zanu kumeneko, imodziimodzi. Mphindi khumi zokha."

Mayiyo anaika nsimbi pansi. "Bambo, mwabwera kudzandibwezera ku umphawi?"

"Ndi za mwana wanga. Woimba gitala uja."

"Ndi wanu ameneyo? Amene amagwetsa mahang'ala anga pa chingwe uja?" Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Simukuoneka choncho. Chabwino. Anandiyeza shuga bwinobwino osandibaya kawiri. Atsikana, zulani."

Zimene zinachitika kenako wogulitsa mafoni wa shopu ya kutsogolo amazifotokozabe. A Fyuzi anagwada pa soketi, mita ili m'manja. Mayi uja ankakuwa kuseri kwa khoma kuti, "Imodzi," mwanayo n'kumenya nsambo. "Ziwiri." Namenyanso. Nambala pa mita inkatsika, babu n'kumafiira. Pa nsimbi yachitatu wang'oma anasiya kutafuna. Pa yachinayi mawu anapinda bondo limodzi. Pa yachisanu mita inaonetsa 195, mwanayo anamenya, ndipo mawu anagwada mpaka pansi, anakhala pomwepo kanthawi, kenako anadzuka akutupa mpaka a Fyuzi anawamva m'mano ndi m'mabatani a shati. Kuseri kunamveka mahang'ala akugwa.

Mwanayo sanaleke. Anaimba nyimbo yonse, wang'oma n'kulowa pakati, mtedza uli mbwee pansi. A Fyuzi anakhala chigwadire akuyang'ana mita. Nsambo zikamenyedwa mwamphamvu nambala inkatsikanso pang'ono n'kubwerera. Ampuyo inkapempha magetsi, kawaya kaja n'kumaipatsa mochedwa ndi moumira. Zaka zonsezi ana awa ankaganiza kuti matope awo ali m'mabatani, chonsecho ampu yawo inkangolira njala, ndipo oimana chakudyacho anali mayi wosita malaya a anthu.

"Zisanu ndi imodzi ndiyatse?" anakuwa mayiyo.

"Yatsani timve."

Pamenepo mawu anagona osadzukanso bwino. Mwanayo anati zachuluka. Zisanu ndiye zinali zake.

A Fyuzi anapempha chinthu chimodzi: abwezeremo makapasita atsopano aja, nsimbi zikadali zoyaka, amve. Mwanayo anazengereza, kenako anavomera ndi mutu. A Fyuzi anasintha, n'kumuuza kuti ayese. Anamenya. Matope anali pomwepo.

"Waona? Sindinaiphe ine."

"Simunaiphe. Koma ndinati musakhudze."

"Unatero."

"Ndiye mlanduwo ulipobe."

"Ulipo," anavomera a Fyuzi, akupinda chingwe cha mita. Unali mlandu waung'ono poyerekeza ndi umene anadzuka nawo.

Wang'oma ndiye anafunsa funso limene onse ankaliopa. "Ndiye Loweruka tibwereke nsimbi zisanu, tikasitire ku situdiyo?"

"Mukhoza kupita nazo makumi awiri, sizingathandize," anatero a Fyuzi. "Kumeneko waya ndi wonenepa, magetsi sagwa. Njalayi imabwera ndi kawaya aka. Ndipo ampuyi ikanapanda kuzima Lamlungu, mayiwa n'kusakokeredwa waya, inu mukanakafika kumeneko, kuiyatsa, matope osapezeka, wotchi ikuyenda."

Mwanayo anakhala pa sipika, gitala ili pamiyendo.

"Ndiye titani, bambo?"

Funso limenelo anali asanawafunsepo chiyambire sukulu ya pulayimale. A Fyuzi anakanda pachibwano nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira, pofuna kuti likhalitse.

"Njala imapangidwa," anatero.

Lachisanu lonse anali pa tebulo lawo. Anatsitsa pa shelefu chipangizo chakale chokwezera magetsi akachepa, chimene munthu wina anachisiya zaka zapitazo osabweranso. Anachotsamo thiransifoma, anaimasula, nayamba kuikulunga waya mwatsopano kuti izigwira ntchito chadodolido: kulandira magetsi okwana n'kutulutsa operewera. Kukulunga kumafuna kuwerenga, ndipo wometa anawasokoneza kawiri pobwera kudzafunsa ngati maliro aja atha. Anawonjezamo kachipangizo koumira, kuti ampu ikapempha kwambiri izipatsidwa mochedwa monga kawaya kaja kankachitira. Tsiku lonse ankang'ung'udza kuti mavalavu sakonda kudyetsedwa moperewera, kuti adzatha msanga, kuti munthu wophunzira ntchito sangachite zimenezi. Manja okha sanaleke. Pamwamba anaikapo batani lamalo atatu, ndipo posowa cholemba chimene ana aja angamve, analemba kuti: nsimbi 4, nsimbi 5, nsimbi 6.

Akazi awo atabweretsa chakudya anayang'ana bokosilo. "Limachita chiyani?"

"Limaononga magetsi abwinobwino."

"Ndipo mwapanga inuyo?"

"Ndi manja anga."

"Ndikanakhala ndi foni yojambula bwino," anatero mayiwo, n'kusiya mbale.

Loweruka m'mawa anapita nawo ku situdiyo, atavala jekete la kutchalitchi, bokosi lili pamiyendo. Mwini situdiyo, bambo wa mutu wometa mpala amene zipangizo zake amazipukuta ndi kansalu kapadera, ataona bokosi la dzimbiri lolembedwa za nsimbi anaima pakhomo.

"Achikulire, chimenecho sichilowa m'soketi yanga."

A Fyuzi sanakangane naye. Anatsegula chivundikiro, anamuonetsa mmene anakulungira, anamuonetsa waya wopita pansi, anamuonetsanso fyuzi ziwiri, ina polowera ina potulukira. Munthuyo anayang'ana ntchitoyo, anayang'ana nkhalambayo, nafunsa ngati amakonzanso zosakanizira mawu. Anagwirizana za Lachiwiri.

Anaika batani pa nsimbi 5. Ana aja analowa m'chipinda cha galasi, nyali yofiira inayaka, naimba nyimbo yoyamba, ya mphindi zisanu ndi zinayi. A Fyuzi anakhala pa mpando wofewa kuseri kwa mwini situdiyo, manja ali pamawondo. Itatha, mwini situdiyo anati ili bwino kwambiri. Wang'oma anakweza timitengo m'mwamba. Mwanayo anayang'ana kudzera pagalasi, kudumpha mwini situdiyo, mpaka pa bambo ake.

A Fyuzi anawerama n'kufunsa batani lolankhulira. Anawalozera.

"Matope achepa," anatero. "Akugwada bondo limodzi."

"Inenso ndamva choncho," anayankha mwanayo. "Ndimati mwina ndi mantha."

Analowa ndi mita. Magetsi a mu situdiyo anali 241, onenepa kuposa a kushopu kumene anayesera bokosilo. Anapotokola batani kufika pa nsimbi 6. Mita inaonetsa 196. Mwanayo anamenya kamodzi, onse awiri anadikira mawuwo agwade, adzuke, adzaze chipinda.

"Amenewo," anatero mwanayo. "Musatuluke, bambo. Khalani pomwepo muziyang'ana nambalayo. Ikasuntha mukweze dzanja."

Mwini situdiyo anawabweretsera zotseka m'makutu. A Fyuzi anavala chimodzi chokha, anakoka kampando pafupi ndi ampu, anakhazika mita pabondo, n'kuuza wang'oma kuti awerenge, nyimbo iyambe.